Chipwitikizi cha a Lucius Namaona

Zinayamba m'dzinja la 2016, chaka chimene mvula inadula mu Januwale chimanga chili m'mawondo. Pa 11 Januwale, Lolemba, Enock mwamuna wa Luckness anabwerera ku Joni atadyera Khirisimasi kuno kwa Kawinga. Anasiyira mkazi wake foni yatsopano ya tachi, ndipo mufonimo anaikamo kanthu kamene kanadzachotsa a Lucius Namaona m'mudzi muno, ngakhale kuti mnyamatayo sanalinge kufika pamenepo.

A Lucius sanali akuno. Kwawo kunali ku Phalula, ku Balaka, m'mbali mwa msewu waukulu. Anabwera mu 1969 ndi ntchito yoyala njanji yopita ku Nayuchi. Ntchito itatha anzawo onse anabwerera, iwo n'kutsala chifukwa cha Elube, amene ankagulitsa thobwa kwa anyamata a njanji. Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi pa 28 Ogasiti 1971, Loweruka, a Lucius n'kulowa chikamwini. Anabereka ana awiri, onse anamwalira asanayambe sukulu.

Kunjanji kuja, pafupi ndi malire, a Lucius anatolako mawu a Chipwitikizi osakwana khumi. Ankapereka moni wa m'mawa wa "bondiya" ngakhale dzuwa litapendeka. Koma chuma chawo chenicheni chinali Sitandade 5 yakale, chifukwa m'mudzi muno odziwa kuwerenga anali ochepa. Makalata a ku Joni, a ku Halale, a kutchalitchi, a kukhoti, onse ankathera pakhonde pawo. Makalata atatha kunabwera mameseji a pafoni, ndipo nawonso analondola njira yomweyo.

Sankawerenga chiimire. Ankayamba afuna mpando wawo wa ndalema, n'kupukuta magalasi ndi nsonga ya malaya, n'kutsokomola kawiri. Kalata ya mizere itatu inkatha theka la ola. Munthu akalemba kuti "musandiyembekeze," a Lucius ankawerenga kuti njira yavuta koma mtima uli kuno. Ine nditapuma ntchito ya uphunzitsi mu 2004 ndinabwerera kumudzi, ndipo khonde langa limayang'anana ndi lawo, koma anthu sanasamukire kwa ine. Ankati ndimawerenga zokhazo zimene zalembedwa, ngati munthu wopanda chisoni. Ndipo pa zaka zonsezo palibe anamvapo a Lucius akunena kuti "sindidziwa."

Elube anamwalira pa 9 Ogasiti 2014. Mwambo wathu ngodziwika: mkazi akamwalira, akuchikazi amamusudzula mwamunayo, ndiye kuti kumumasula kuti abwerere kwawo. Wokhala ndi ana pamudzi nthawi zina amamusiya akalambire pomwepo. A Lucius analibe mwana, ndipo ku Phalula kunatsala mwana mmodzi wa mchemwali wawo, Ganizani, wogulitsa tomato pamsewu, amene anakumana naye kawiri kokha, konseko pamaliro.

Woyenera kuwasudzula anali a Goliati, achimwene ake a Elube, eni mbumba. Anatchula tsiku loyamba, 14 Malichi 2015. A Lucius anadzuka ndi nyamakazi, mwendo osaponda pansi, ndipo unachira Lolemba lake. Anatchula lachiwiri, 31 Okutobala. Tsikulo linawapeza ku Boma, akuti akukayezetsa maso. A Goliati sanalimbikire kwenikweni, chifukwa iwonso kuwerenga kunawadutsa, ndipo kafoni kawo kakalira ankathamangira kwa alamu awo omwewo. Komabe achinyamata anali atayamba kudziwerengera okha, pakhonde paja anthu n'kumachepa. A Lucius ankadziwa bwino kuti tsiku limene mudzi udzaleke kuwabweretsera zowerenga, ndi tsiku lomwelo limene udzawamangire katundu.

Kasitomala wawo wokhulupirika anali a Lydia, mng'ono wake wa Elube, amake Luckness. Mwana wawo akapita kudimba, iwo ankatenga foni yake pawindo n'kuwolokera nayo kwa a Lucius kuti amve zimene mkamwini walemba. Luckness anafika Sitandade 7, amawerenga yekha, ndipo palibe anamupempha chilolezo. Pofika madzulo mawu a Enock anali atafika pamjigo. Enock atabwera pa Khirisimasi anamva amayi ena akumutchula dzina limene iye ankaganiza kuti amalidziwa ndi mkazi wake yekha.

Ndiye anaika kapulogalamu kaja. Luckness anadzandifotokozera pambuyo pake mmene kamagwirira ntchito. Enock akalemba uthenga, kapulogalamuko kamasokoneza zilembo zonse uthengawo usananyamuke. Umayenda wosokonekera, umafika wosokonekera, umakhala mufoni wosokonekera. Kuti ubwerere m'malo mwake, mpaka munthu alembe mawu achinsinsi amene awiriwo anagwirizana, ndipo akangotseka umasokonekeranso. Anasankha njira ya meseji wamba chifukwa kwathu kuno netiweki ya intaneti imapezeka pachulu chimodzi chokha, ndipo pachulupo sipasowa anthu.

Pa 2 Febuluwale, Lachiwiri, a Lydia anayamba afika kwa ine, chinthu chimene sanachitepo. Anandipatsa foni. Munali mizere isanu ndi umodzi ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono, manambala ndi timitanda, zonse zothithikana popanda mpata.

"Aphunzitsi, tandionerani. Foniyi yagwidwa ndi chiyani?"

"Izi si zoti munthu n'kuwerenga, amake Laki. Ndiponso si zanu."

"Mwanayo ndinabereka ndine."

"Meseji ndiye simunabereke."

Anandilanda foniyo n'kuwoloka. A Lucius anakhala pa ndalema, anapukuta magalasi, anatsokomola kawiri. Kenako anatsokomola kachitatu. Anaitalikitsa foniyo, anaiyandikitsa, anaipendeketsa. Ndinali pakhonde panga ndikusankha nyemba, ndipo ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo.

"Ichi ndi Chipwitikizi," anatero.

"Enock Chipwitikizi wachidziwira kuti, alamu?"

"Popita ku Joni basi imadzera kuti? Si ku Tete? Mwana wa mutu ngati uja, tsiku limodzi lamukwanira. Koma ndi cha ku Tete chimenechi. Changa ndi cha ku Kwamba, ndiye musandifulumize."

Anayendetsa chala pansi pa mzere woyamba. "Akupereka moni. Akuti kumeneko mvula ikugwa. Akuti, apongozi anga muziwasamala, asamasenze ndowa ndi msana wawo uja."

A Lydia anagwira msana. "Watero?"

"Ndi izi apa." Chala chinatsikira pamzere wotsiriza. "Akutinso, bambo aakulu a Lucius asachoke pamudzi ine ndisanabwere. Wabwereza kawiri pamenepa."

Bodza limeneli linali ndi mpanda wolimba kuposa wa kapulogalamu kaja. A Lydia sakanaimbira Enock kumufunsa, chifukwa mpongozi ndi mkamwini kuno salankhulana maso ndi maso, ngakhale pafoni. Sakanafunsa Luckness, chifukwa akanayamba afotokoza chimene foni yake imakachita kwa a Lucius. A Goliati atamva anabwera kudzamvera nawo, ndipo pakutero nawonso anadzitsekera pakamwa. Ine ndinkadziwa kuti si chilankhulo cha dziko lililonse, koma palibe anandifunsanso.

Kuyambira pamenepo Enock wa a Lucius anakhala mkamwini wabwino koposa m'dera lonse la Kawinga. Ankafunsa za mbuzi za a Goliati, iliyonse ndi mtundu wake. Ankalota apongozi ake atavala chitenje chatsopano. Ankadandaula kuti bambo aakulu akudya ndiwo zopanda mafuta, ndipo tsiku lotsatira mbale ya a Lucius inkabwera ikunyezimira. Mbiri ya Chipwitikizi inafika mpaka ku Ntaja. Tsiku lina a Sufiyani, amene amaoda katundu ku Mozambiki, anabwera ndi botolo la mankhwala opopera thonje lolembedwa Chipwitikizi chenicheni, kuti awawerengere muyezo wake. A Lucius analizunguza botololo n'kulibweza.

"Cha mankhwala sitiwerengera pakhonde, Che Sufiyani. Pitani kwa alangizi."

Pamenepo ndinaona kuti bodza lawo linali ndi malire, ndipo malirewo anali pamene munthu angapweteke.

Luckness anazimvera pamjigo kuti mwamuna wake amalemba Chipwitikizi. Akuti anatula ndowa pansi kuti aseke bwino. Sanabise foni. Anapitiriza kuisiya pawindo pomwe paja, chifukwa amayi ake anali asanakondwepo ndi Enock ngati mmene ankachitira tsopano.

Vuto linabwera ndi zokolola. Chaka chimenecho nkhokwe zinali zopanda kanthu, ndipo a Goliati anayamba kuwerenga pakamwa pa anthu. Anayambanso kunena kuti munda wa Elube ungathandize mbumba ukanakhala m'manja mwa munthu wa mphamvu, ndi kuti mkamwini wa ku Joni sangalamule za mwambo. Pa 16 Meyi, Lolemba, anafika pakhonde paja ndi tsiku lachitatu m'kamwa. Anapeza a Lydia atabweretsa kale foni. A Lucius anaona nkhope ya alamu awo n'kudziwa kuti moni ndi mbuzi sizikwanira.

"Khalani pansi, alamu, lero kuli nkhani. Enock akuti amanga nyumba."

"Kuti?"

"Konkuno. Ya njerwa zootcha, ya malata, zipinda zinayi. Akuti amalume aumbitse njerwa chilimwe chino. Woyang'anira miyezo akhale a Lucius, poti anagwirapo ya njanji, amadziwa chingwe."

A Goliati anakhala pansi. Kuopa kwawo kwakukulu kunali koti Enock adzatenga Luckness n'kupita naye, monga achitira anyamata ambiri masiku ano, mbumba n'kumatha ngati mchere m'madzi. Kawiri konse Enock anatumiza ankhoswe kudzapempha kuti mkazi wake amutsatire, ndipo kawiri konse a Goliati anakana. Munthu womanga ya malata ndiye kuti wagonja, wakhazikika. Tsiku la kusudzula lija sanalitchule n'komwe.

Njerwa anayamba kuumba pa 6 Juni. A Goliati anasonkhanitsa adzukulu awo onse aamuna, iwo eni n'kumaponda dothi, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. A Lucius ankayendera ntchito ndi kandodo, akugogoda njerwa n'kumakana zina.

Pa 23 Julayi, Loweruka, a Goliati anabwera ndi chingwe ndi zikhomo zinayi. Anakhoma choyamba kuseri kwa nyumba ya a Lucius, chachiwiri pafupi ndi bafa lawo.

"Alamu, mukukhoma chiyani pamenepo?"

"Maziko. Malo okwera m'mudzi muno ndi ano, madzi sadikha, msewu uli pafupi, mango alipo kale. Nyumba ya mchemwali wanga igwe, pamangidwe ya mwana wa mchemwali wanga. Inu muyamba mwagona kukhitchini uku mukuyang'anira. Ikatha tidzakuperekezani mwaulemu, Enock ali pompo monga anapemphera."

M'mawa mwake, anthu atangotuluka m'tchalitchi, kunapezeka kuti Enock walemba kuti nyumba imangidwe kumunsi, pafupi ndi chulu cha netiweki.

"Wadziwa bwanji za malo?" anafunsa a Goliati. "Zikhomo ndakhoma dzulo."

"A ku Joni amamva msanga."

"Amve msanga, koma mkamwini sasankha malo. Inu munasankha?"

A Lucius mu 1971 analozeredwa pomanga ndi amalume ake a Goliati omwewo.

Lachitatu lotsatira, pa 27 Julayi, a Lucius anabwera pakhonde panga kudzabwereka nyuzipepala yakale. Sanakhalitse, Luckness anatulukira ndi mbatata yootcha m'mbale, foni ataimangirira pansonga ya chitenje. Anagwada, anapereka mbale, n'kukhala pansi.

"Ababa, ndamva kuti amuna anga akumanga nyumba."

"Ndi mnyamata wabwino."

"Zipinda zingati?"

"Zinayi. Ukafuna tiwonjezera."

Luckness anamasula foni. Anatsegula meseji ya m'mawa womwewo, ya zilembo zothithikana zija, n'kuwaonetsa. Kenako anatembenuka pang'ono, analemba mawu ake achinsinsi, n'kuwapatsanso. Zilembo zonse zinali zitakhala m'malo mwake, Chichewa choyera. A Lucius anawerenga osapukuta magalasi, osatsokomola. Munalembedwa kuti pasipoti yatuluka, ili kwa mlongo wake wa Enock ku Limbe, basi ndi ya pa 14 Seputembala, ndipo amalume asamve.

"Chipwitikizi chake chaphweka masiku ano," anatero a Lucius, n'kubweza foni.

"Ababa, ine ndatha zaka zinayi pabanja, mwamuna ndimamuona milungu itatu pachaka. Ndikupita. Koma sindinafune kuti mudzazimvere kwa ena, chifukwa ndikapita zonsezi zidzagwera inu. Njerwa zija adzakusenzetsani."

"Nanga ukundiuziranji? Ndine wa pakamwa ine."

"Ndikudziwa. Mukafuna, mawa amayi akabweretsa foni, muwerenge zoona. Amalume adzandibisira nsapato, koma inu adzakusungani mpaka imfa. Galu wogwira wakuba samuthamangitsa."

"Wanditcha galu, mwanawe?"

"Ndatchula mwambi, ababa."

A Lucius anasenda mbatata imodzi pang'onopang'ono mpaka kumapeto, osaidya. Mwanayo ananena zoona. Sakanafunika n'kuvomera komwe kuti anali kunama. Akanangoyendetsa chala pa zilembo zija n'kutchula Limbe ndi tsiku la basi, ndipo zikanapezeka zoona, dzina lawo likanakwera kuposa kale.

"Amayi ako aakulu ndinakhala nawo zaka makumi anayi ndi zitatu," anatero. "Anali ovuta. Koma ndikachedwa kumsika ankaima pamsewu paja." Analuma mbatata. "Foni uziisiya pawindo monga mwa masiku onse. Ndipo umuuze mwamuna wakoyo azilemba zazitali. Zazifupi zimandivuta kuwerenga."

Atatero anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, mwamvapo chiyani?"

Ndinawauza kuti ndimasankha nyemba.

Milungu isanu ndi iwiri yotsatirayo a Lucius anawerenga ngati munthu amene akudziwa kuti akutsazika ntchito. Enock ankafuna khonde loyang'ana kum'mawa. Patatha masiku atatu ankalifuna kumadzulo, a Goliati n'kuzula zikhomo. Ankafuna kuti nyumba yakale isagwetsedwe mpaka malata atafika, kuopa kuti bambo aakulu angadwale chifuwa kukhitchini. Ankafuna nkhuni za uvuni zikhale za mtengo wouma wokha, ndipo a Goliati anatha sabata akuzisaka m'mphepete mwa phiri. Uvuni anauyatsa pa 20 Ogasiti. M'masiku onsewo palibe anali ndi mpata woona kuti zovala za Luckness zikuchepa pachingwe, kapena kuti dengu limene ankapita nalo kumsika wa Loweruka linkalemera kuposa masamba amene anali pamwamba.

Pa 12 Seputembala a Lucius anawerenga meseji yotsiriza. Enock ankafuna kuti mkazi wake apite yekha ku Liwonde akasankhe mtundu wa malata ndi mafelemu a mawindo, chifukwa nyumba ndi ya mkazi.

"Yekha?" anatero a Lydia. "Ndimuperekeze."

A Lucius anayang'ananso mufoni. "Akuti apongozi asakwere minibasi ndi msana uja."

Vuto linali loti Luckness sankayenera kudziwa kuti iwo amva zimenezi. Choncho a Lydia ndi a Goliati anakhala chete tsiku lonse, akudikira kuti mwanayo anene yekha. Madzulo ake Luckness anapita kwa amalume ake, anagwada, n'kunena kuti amuna ake amutuma ku Liwonde, koma sanganene chifukwa chake poti ndi chinsinsi. A Goliati akuti anamwetulira mpaka usinini kuoneka.

"Pita, mwanangu. Ife sitifunsa za m'banja la eni."

M'mawa wa pa 13, Lachiwiri, a Goliati anapopa njinga yawo, anamukweza Luckness pakaliyala, n'kumupalasa okha mpaka pa siteji ku Ntaja. Pobwerera anaima pakhonde la a Lucius kuwauza kuti anamulangiza asankhe malata obiriwira.

Lachiwiri linadutsa, Lachitatu, Lachinayi. A Lydia anayamba kuima pamsewu. Lachisanu pa 16, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kafoni ka a Goliati kanalira, ndipo mwa chizolowezi anathamanga nako kwa alamu awo. A Lucius anakhala pa ndalema n'kuwerenga zimene zinalembedwa, osawonjezera kanthu: "Amalume, ndafika bwino kwa amuna anga ku Joni. Muwauze amayi asadandaule. Ndine Luckness."

"Basi?" anatero a Goliati.

"Basi."

"Za malata sananene?"

"Ichi ndi Chichewa, alamu. Chimatha msanga."

Loweruka pa 17 mbumba yonse inasonkhana pabwalo la a Lydia, ndipo ine anandiitana monga munthu wachikulire woyandikana nawo. A Goliati sanathe kukhala pampando.

"Alamu, ndikufunsani pamaso pa anthu. Chipwitikizi chija mumachidziwa kapena iyayi?"

"Ndimachidziwa."

"Nanga nyumba ili kuti?"

"Analemba nyumba. Ngati wasintha maganizo, mufunseni mwini wake, nambala muli nayo. Ine ndimawerenga, sindimanga."

"Ndaponda dothi miyezi iwiri ine. Ndamunyamula ndekha panjinga."

"Munapalasa bwino. Anthu anakuonani."

Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa chifuwa. A Goliati ananena kuti nkhaniyi ipita kwa amfumu. Mmodzi wa akuluakulu anafunsa mofatsa kuti kumeneko akayamba ndi mawu ati, poti funso loyamba lidzakhala lakuti mameseji a mwamuna ndi mkazi wake anafika bwanji m'makutu mwa amalume. A Lydia, amene anali akulira chamumtima kuyambira Lachisanu, anakweza mutu.

"Alamu, nanga za msana wanga zija? Nazonso?"

A Lucius anawatembenukira. "Zimenezo ndiye analemba kawirikawiri, amake Laki. Zinalimo."

A Lydia anagwedeza mutu n'kupukuta maso. Sindidziwa ngati anakhulupirira, koma sanafunsenso.

Kwa a Goliati kunatsala chinthu chimodzi chokha chimene akanachita popanda kufotokozera munthu, ndipo anachichita pomwepo. Anatchula Loweruka pa 1 Okutobala. Milungu iwiri yonseyo ndinkayang'ana pakhonde paja kuti ndione mwendo uti udwale. A Lucius anadzuka bwinobwino tsikulo, anameta ndevu, anavala jekete la ukwati limene linali litawakulira. Ganizani anabwera kuchokera ku Phalula ndi mkulu wina wa kwawo. Anapha nkhuku ziwiri, anagawa katundu wa m'nyumba, akuchikazi ananena mawu ake oti bamboyu anasunga mwana wathu bwino mpaka kumuika, tsopano ndi womasuka. A Goliati ananena mawuwo akuyang'ana kumbali, koma anawanena onse. Iwo ndi a Lucius anali atakhala limodzi zaka makumi anayi ndi zisanu, akukangana za malire a munda ndi za mbuzi.

A Lucius anapatsidwa mpando wawo, bulangete, khasu, wailesi yosalira ndi chithunzi cha Elube. Anapempha masiku atatu oti atsazike, ndipo anayenda khomo ndi khomo, kwa Akhristu ndi kwa Asilamu komwe, paliponse akudya. Nyumba ya Elube sinagwetsedwe, mukukhala mdzukulu wina wa a Goliati. Uvuni wa njerwa ulipobe mpaka lero, mbuzi zimakwerapo kukaothera dzuwa. Luckness ndi Enock ali ndi ana awiri tsopano, ndipo a Lydia anakawaonako kamodzi, pabasi, msana uli bwinobwino. Za a Lucius ndimamva kwa anthu odutsa ku Phalula, kuti amakhala pambali pa benchi la tomato la Ganizani, akuuza oyendetsa malole mtunda wotsala kukafika kulikonse kumene afunsa, ngakhale kumene iwo sanafikeko.

M'mawa wa tsiku lochoka anasesa m'nyumba ndi pabwalo, anathirira mpiru umene sakanadya, n'kukapereka kiyi kwa a Lydia. Makabaza awiri anali akudikira pamsewu, wina wa iwo, wina wa katundu. A Goliati sanatuluke, koma anatumiza nkhuku yamoyo yomanga miyendo, ndipo a Lucius anaiyeza m'manja n'kunena kuti alamu awo asankha yowonda. Anakwera ataikumbatira. Linali Lachiwiri, pa 4 Okutobala 2016.